Tsegulani Maso, Mayi Masamba

Mayi Masamba anagwira ntchito ku wailesi zaka zambiri, ndipo zaka zonsezo ankayankhula atatsinzina. Nyali yofiira ya m'situdiyo ikangoyaka, maso ankatseka okha, pakamwa n'kutseguka: "Moni alimi a pakhonde, alimi a m'zitini ndi m'matayala!" Ankati akatsinzina amamuona womvera wawo, mayi wina wake atakhala m'khitchini akusenda anyezi, wailesi ili pawindo. Mayiyo sanayankhepo ngakhale tsiku limodzi, sanatsutsepo, ndipo mwina n'chifukwa chake ankamukonda chonchi.

Dzina lakuti Masamba linachokera ku pulogalamu yawoyo, yophunzitsa anthu a m'tauni kulima pomwe palibe munda. Ku wailesiko anaphunzirako malamulo awiri omwe anawalowa mpaka m'mafupa. Loyamba linali lakuti kukhala chete ndi tchimo, chifukwa womvera amayesa mabatire atha n'kuyamba kumenya wailesi. Lachiwiri linali lakuti muulutsi sanena kuti sindikudziwa. Mafunso ankabwera pa makalata, inde, koma mochedwa. Munthu ankafunsa za tomato wake wodwala, yankho n'kudzamupeza atazula kale tomatoyo n'kudzalapo tsabola.

Sabata yomwe anapuma pantchito, Mayi Masamba anadzala mtengo wa mandimu mumgolo wodula pakati, popeza bwalo la nyumba yawo linali la simenti lonse. Mtengowo unakula bwino pakhonde, unabereka, ndipo unalowa m'malo mwa pulogalamu ija: m'mawa uliwonse ankauyendera, kuupukuta masamba, kuuyankhula. Koma chaka chino unayamba kudwala. Masamba anasanduka achikasu, n'kumayoyoka ngati tsitsi la munthu wodwala. Anauthira manyowa, anauwaza phulusa, anausambitsa ndi madzi a sopo, anawonjezera kuthirira. Mtengo unangopitirira kufota. Chinawapweteka kwambiri n'chakuti sankadziwa chomwe chikuupha, iwo amene anachiritsa mitengo ya anthu osawadziwa n'komwe. Manyazi anawagwira, moti anamanga chingwe pakona ya khonde n'kuyanikapo nsalu yaikulu kuti odutsa asauone.

Amuna awo, amene aliyense ankangowatchula kuti Adalaivala chifukwa anakalambira pa chiwongolero cha basi, anali ndi matenda awoawo. Foni sinkachoka m'manja mwawo. Ankatha tsiku lonse akukangana za mpira ndi anthu omwe sanaonanepo nawo, n'kumaseka okha pampando.

"Aulutsi," anatero tsiku lina, poti ndi momwe ankawaitanira akazi awo akafuna kuwaputa, "mawu onsewo mukungowasunga m'kabati? Tiyeni tibwezeretse pulogalamu ija pafoni pano. Muziyankhula, anthu azikuonani nthawi yomweyo."

"Azindiona? Nkhope yanga inalakwanji kuti muiyike pamsika?"

"Nanga ine sindinaiona zaka zonsezi, ndafa? Ndiponso kuno anthu amayankha. Mukuyankhula, iwo akulemba."

"Ndiye akumvera nthawi yanji ngati akulemba?" anafunsa mayiwo. Komabe pamapeto pake anavomera, chifukwa kunena zoona maikolofoni ankaisowa ngati mchere.

Loweruka m'mawa anakonza tebulo pakhonde, anaikapo zitini za mbande za tomato, n'kuonetsetsa kuti nsalu ija yaphimba bwinobwino mtengo wodwalawo kumbuyo kwawo. Adalaivala anaima patsogolo, foni m'manja, nkhope yolimba ngati akutuluka mudepoti ndi basi yodzaza. Anakweza chala, kenako n'kuchitsitsa.

Maso a Mayi Masamba anatseka okha. "Moni alimi a pakhonde, alimi a m'zitini ndi m'matayala!"

Ha, mawu anali akadalipo! Ankatuluka osalala, osapunthwa, ndipo mayi wa anyezi uja anabwera n'kukhala pamalo pake. Anafotokoza za kuboola chitini, za dothi losakaniza ndi mchenga, za kupatulira mbande. Sanasiye kampata ngakhale kolowetsa singano. Mtima wawo unadzaza ndi chimwemwe chomwe anali atachiiwala.

Sanadziwe kuti kamphepo kakankha nsalu ija n'kuigwetsa pansi. Sanadziwenso kuti pagalasi la foni mawu a anthu akuthamangitsana. Adalaivala anatsokomola. Anakupiza dzanja. Anaponda pansi. Koma munthu wotsinzina umukupizira dzanja kuti aone ndi chiyani?

"Mayi," anatero pomaliza, "tsegulani maso."

Kuyankhula muulutsi ali m'kati mwa pulogalamu! Ku situdiyo munthu wotere akanamutulutsa pomukoka khutu. Mayi Masamba anatsegula maso ali okonzeka kukalipa, koma amuna awo anangowasonyeza kumbuyo ndi mlomo. Atacheuka, anauona mtengo uli poyera, nthambi zili gwa, masamba otsalawo ali lende.

"Dulani," ananong'ona. "Tiyambirenso."

"Si tepi iyi, Aulutsi. Anthu akuona panopa. Bwerani muwerenge nokha."

Mayiwo anavala magalasi awo n'kusendera pafupi. Mawu ankakwera m'mwamba asanamalize n'kuwerenga komwe. Wina anali atalemba kuti, "Kodi mayiwa akupemphera?" Wina, "Mawu amenewa ndikuwadziwa ine!" Ambiri ankafunsa za mtengo wa kumbuyowo. Ndipo panali wina, poti pagulu sipalephera wotere, amene analemba kuti, "Katswiri wake uti, mtengo wake womwe ukumukanika?"

Mawu amenewo anawalasa. Mayi wa anyezi sakananena zotere. Anafuna kuyankha ndi mawu a ku wailesi, kunena kuti mtengowu akuchitirapo kafukufuku, n'kubwerera ku tomato. Bodzalo linali litafika kale pa lilime. Koma anayang'ananso mtengo wawo, n'kuona kuti bodza likhoza kuphimba manyazi awo koma mtengo ufa ndithu.

"Safunsa anadya phula," anang'ung'udza Adalaivala kuseri kwa foni.

"Inu khalani chete, mugwire foni bwino," anatero mayiwo. Kenako anayang'ana kagalasi kaja, maso ali otsegula. "Abale anga, mtengo uwu ndi wanga, ndipo ndimaukonda. Ukufa. Ndayesa manyowa, phulusa, sopo, madzi. Sindikudziwa chomwe chikuudya. Amene akudziwa andiuze."

Atatero anatseka pakamwa. Malamulo onse awiri anawathyola pa mpweya umodzi. M'chetemo anamva tsache la aneba likukwecha pabwalo, ndi firiji ikung'ung'uza m'nyumba. Mtima unkawauza kuti yankhulani, anthu azimitsa.

Palibe anazimitsa. Mayankho anagwa ngati mvula. Wina anati authire tiyi wozizira. Wina anati audule wonse uphukenso. Wina anatsutsa wa tiyi uja, awiriwo n'kuyamba kukangana paokha. Wina sanasamale za mtengo, anangolengeza kuti akugulitsa nsapato zotchipa. Adalaivala ankawerenga mokweza, akuseka mpaka foni kugwedera. Kenako anasiya kuseka.

"Tamverani uyu. Akuti: Mayi anga ankakumverani Loweruka lililonse akusita zovala, ine ndili mwana. Munkakonda kunena kuti mtengo wa m'chitini ukadandaula kumutu, kafunseni kumapazi. Kodi pansi pa mgolo mwayang'anapo?"

Mayi Masamba anagwira tebulo. Mawuwo anali awo ndithu, ankawanena pafupifupi mwezi uliwonse. Anawaponya mumphepo kalekale osadziwa komwe akagwere, ndipo lero abwerera okha kunyumba, pa tsiku lomwe mwini wake anawaiwala.

"Adalaivala, tsamiritsani foniyo pampando. Bwerani mundithandize."

Anagwira mgolo awiriwo, amuna akudandaula za msana, akazi akuwauza kuti msana womwewo sudandaula pa mpira. Atauweramitsa, fungo la madzi ovunda linawalandira. Zibowo zonse za pansi zinali zitatsekeka ndi mizu, dzimbiri ndi matope. Mtengo sunali ndi ludzu ayi, unali ukumira, ndipo mwini wake ankangouwonjezera madzi chifukwa cha chikondi.

Adalaivala anatenga msomali waukulu ndi hamala. Atangoboola, madzi akuda anatuluka n'kuyenderera pakhonde ponse, mpaka m'masilipasi mwawo. Anadumpha akukuwa, ndipo pafoni anthu anafa nacho chiseko. Ngakhale wachipongwe uja analemba kuti, "Apa ndiye mwatiphunzitsa." Mayi Masamba anaseka mpaka kupukuta misozi ndi kuseri kwa dzanja, chifukwa zala zinali matope okhaokha.

Mtengo sunachire tsiku lomwelo. Unayoyola masamba ena, unakhala duu kwa masabata angapo, mayiwo akudziletsa kuuthirira ngati munthu woletsedwa shuga. Pulogalamu inapitirira Loweruka lililonse, ndipo anthu sankalola kuti ayambe za tomato asanawaonetse wodwala wawo. Anaphunzira kuyankhula pang'ono n'kuima, kuwerenga, kuyankha, nthawi zina kukalipira wa nsapato uja, yemwe sankajomba.

Loweruka lina anauza amuna awo kuti asendeze foni pafupi ndi nthambi. Panali timasamba tatsopano, tofewa, tobiriwira mowala. Anthu anakondwera ngati mtengowo ndi wa pakhomo pawo. Chimwemwe chitatsika, Mayi Masamba anafunsa funso lomwe analisunga mumtima kuyambira tsiku lija.

"Mwanangu amene unandikumbutsa za kumapazi, ngati ulipo, tandiuza. Mayi ako aja akadali moyo?"

Anakhala chete, ndipo ulendo uno chetecho sichinawaopse. Adalaivala anayang'anitsitsa pagalasi, kenako nkhope yawo inamasuka.

"Akuti alipo, akhala pambali pakepo, akukuonani. Akuti moni. Akuti mawu anu sanasinthe, koma iwo zaka zonsezi ankayesa kuti ndinu wamtali."

"Auze kuti inenso ndinkayesa kuti amasenda anyezi," anatero Mayi Masamba. Anakonza magalasi awo, anasendeza mpando pafupi ndi foni, n'kukweza dzanja. "Moni, amayi. Zaka zonsezi ndimayankhula ndi inu."