Makina a Makilo Khumi

Makina ochapira a kwa a Mawaya anafa Lachiwiri m'mawa, madzi ali m'mimba, nsalu zitatu za pabedi zili momwemo. Anayamba ndi kugogoda, kenaka kunamveka fungo la waya wopsa, kenaka zii. Aphunzitsi, mkazi wa a Mawaya, amene anasiya choko zaka zisanu ndi chimodzi zapitazo koma dzinalo linawakakamira, anaima m'kachipinda kochapira manja ali m'chiuno, madzi a sopo akuwazungulira mapazi. Anawamenya kambama pamwamba monga ankachitira akavuta, koma makinawo sanayankhe.

"Imeneyo ndi mota," anatero amuna awo ali kuchipinda. "Musapweteke dzanja, amayi. Apita amenewo."

Makinawo anatha zaka makumi awiri ndi ziwiri, osati chifukwa anali abwino ayi, koma chifukwa anagwa m'manja mwa mmisiri. A Mawaya anali okonza mafiliji, makina ochapira, ndi chilichonse chokhala ndi chingwe cha magetsi kumchira, mpaka anthu anaiwala dzina lawo lenileni. Lamba wa makinawo anamusintha kanayi, pampu kawiri, ndipo chitseko chinkatsekeka ndi kachitsulo kochotsedwa pa filiji ya munthu wina. Iwo sankafulumira kumasula chinthu. Ankatenga sikuludiraiva yaitali ya chigwiriro chofiira, kunsonga n'kugunditsa pa makina, chigwiriro n'kuika pakhutu, maso n'kutseka. Akatero ankanena matenda onse, mwini makina ali kukamwa yasa.

Tsopano odwala anali mmisiri mwiniwake. Khansa inawagoneka kwa miyezi isanu, ndipo madokotala atayesa zawo anawapatsa mankhwala ochepetsa ululu n'kunena kuti akapumule kunyumba. Aliyense anamva tanthauzo la mawuwo kupatula Aphunzitsi, amene anawamva koma n'kuwabweza pakhomo. Iwo anagwira ntchito imene manja awo akanatha, ndiyo kuchapa. Nsalu za pabedi zinkanyowa ndi thukuta, komanso ndi zina zimene mkazi sauza anthu za mwamuna wake. Ankachapa kawiri patsiku, ndipo malinga amuna awo agona pansalu youma yonunkhira sopo, mumtima ankati matendawo sanapambanebe.

Masiku atatu anachapa pamanja m'bafa. Tsiku lachitatu mfundo za manja zinatupa, bulangete linakana kufinyika, linangolendewera pachingwe likudontha mpaka dzuwa kupendeka. Mzime wawo wamkazi, namwino wogwira ntchito kumzinda wakutali, atamva zimenezi pa foni anakalipa.

"Amayi, mukufuna ndizisamala odwala awiri? Pitani mawa mukasankhe ena. Zolipira musaziganize, ndi zanga."

M'mawa mwake Aphunzitsi atavala, amuna awo anawaitana. Anali atatsamira mapilo awiri, kolala ya malaya ogonera itawakulira, koma maso anali a mmisiri yemwe uja.

"Khalani apa ndikuphunzitseni, Aphunzitsi. Lero mwana wasukulu ndinu. Mukakafika musakatengeke ndi mabatani. Mabatani ambiri, matenda ambiri. Mukalowetse dzanja mumgolo, mukaugwedeze m'mwamba ndi pansi. Ukakhala wogwedera, asiyeni. Mukafunse ngati zipangizo zake zimapezeka. Ndiponso mukafunse kuti akavuta amabwera kudzakonza ndani."

"Amabwera ndani bwanji? Inu muli kuti?"

A Mawaya anayang'ana kudenga ngati sanamve.

"Chomaliza, mukagule aang'ono. A makilo asanu."

"Makilo asanu? Bulangete lanuli lingalowemo?"

"Bulangete ndi la lero ndi mawa, amayi. Makina ndi a zaka. Mgolo waukulu ukaupatsa zovala zochepa, zimaunjikana mbali imodzi, umapendama, ndiye makina amakana kufinya. Nanga madiresi anu awiri ndi thaulo limodzi..."

"Khalani chete!"

Pa zaka makumi anayi za ukwati wawo anali asanawauzepo mawu otero. Mtima unawawawa, osati chifukwa amuna awo ananama, koma chifukwa ananena mosavuta chonchija, ngati akunena za lamba wotha. Anaimirira, anawongola nsalu imene inali yowongoka kale, n'kutuluka. Podutsa pakhonde anatsegula bokosi la zitsulo, anatenga sikuludiraiva yofiira ija n'kuiponya m'chikwama, osadziwa n'komwe kuti akaitani nayo.

Sitolo inali yozizira, makina oyera atandandalikidwa mizere iwiri, onse atayasamula zitseko. Wogulitsa, bambo wa tayi yopyapyala ndi mawu osalala, anawalandira ndi ulemu wonse.

"Takulandirani amayi. Tiyambe ndi apa, pakhomo mulipo angati?"

Funso wamba, lofunsidwa kakhumi patsiku, koma Aphunzitsi linawalasa.

"Awiri," anayankha mokweza kuposa mmene kunkafunikira.

"Awiri okha? Ndiye musataye nthawi, anu ndi awa."

Anawatengera pa makina aang'ono a makilo asanu, opanda zokongoletsa, a mabatani awiri okha. Aphunzitsi anapinda dzanja la bulauzi, analowetsa mkono mumgolo n'kugwedeza. Unali nganganga. Anafunsa za zipangizo, wogulitsa anati zimapezeka paliponse. Anafunsa za wokonza, anati alipo, amafika tsiku lomwelo ukamuimbira. Makinawo anakhoza mayeso onse, ndipo Aphunzitsi anadana nawo chifukwa cha chomwecho. Anali ndendende amene amuna awo akanaloza ndi chala. Anali makina a munthu wokhala yekha.

"Nanga awo?" analoza kumapeto kwa mzere.

"Awo ndi a makilo khumi, amayi. A banja lalikulu, kaya a malo ogona alendo. Kwa anthu awiri ndi kungowononga madzi."

"Amalowa bulangete?"

"Awiri amene."

"Ayatseni ndimve."

Wogulitsa anawalumikiza kumagetsi, mgolo unayamba kuzungulira wopanda kanthu. Aphunzitsi anatulutsa sikuludiraiva, anagunditsa nsonga pachitsulo, chigwiriro pakhutu, n'kutseka maso. Wogulitsa anabisa kuseka ndi kachifuwa. Iwo anamva kung'ung'udza chabe, kosasiyana ndi kwa filiji. Apo m'pamene anazindikira kuti zaka zonsezi ankangoonerera amuna awo akumvetsera, osafunsapo n'kamodzi komwe kuti amamva chiyani. Ankaona ngati nthawi yofunsa ilipo yambiri.

Atatsegula maso anaona chipepala chomatidwa pachitseko cha makinawo, cholembedwa kuti mota ili ndi galanti ya zaka khumi, ikafa adzaikonza mwaulere. Zaka khumi! Miyezi yonseyi panalibe munthu amene anawalonjezapo ngakhale chaka chimodzi.

"Ndatenga awa."

"Amayi, ine ndimafuna kugulitsa, koma kunena chilungamo..."

"Bambo, ine ndaphunzitsa ana zaka makumi atatu. Kuwerenga mpaka awiri ndimatha. Lembani."

Makinawo anafika madzulo a tsiku lomwelo. Anthu awiri onyamula katundu analimbana nawo pakhomo la kachipinda kochapira mpaka anachita kuzula chitseko. A Mawaya ankamva zonsezo ali pabedi, kukhuluzika kwa katoni, kubuula kwa onyamula, ndi kulira kwa nyundo pa mahinjesi. Aphunzitsi atalowa kuchipinda anapeza akumwetulira chakumbali.

"Mwagula aakulu."

"Eya."

"Makani, Aphunzitsi. Anawo munkawaphunzitsa kumvera, inu osamva."

"Mukalipe mukachira."

Sanakalipe. Anangopempha kuti awatengere akaone. Aphunzitsi anawakoleka mkono paphewa, ndipo ulendo wa masitepe khumi ndi awiri unatenga nthawi yokwana kuwiritsa madzi. Kupepuka kwa thupi la amuna awo kunawaopsa. Anawakhazika pampando pafupi ndi makinawo, anaikamo bulangete ndi nsalu ziwiri, n'kuwapatsa sikuludiraiva. Dzanja la a Mawaya linalibe mphamvu, ndiye Aphunzitsi anagwirizira kunsonga. A Mawaya anatseka maso. Anamvetsera makinawo akumwa madzi, akuchapa, akutsukuluza, mpaka anayamba kufinya.

"Mukumva chiyani?" anafunsa Aphunzitsi.

"Ndikumvetsera ngati muli mchenga m'mawu ake. Maberingi, tizitsulo tozunguliramo mgolo, akayamba kutha mawu amakhala ngati muli mchenga. Awa mulibe. Ikani khutu."

Aphunzitsi anaika khutu pachigwiriro chofunda ndi khutu la amuna awo. Anamva mawu osalala, opanda chokhakhala.

"Mwasankha abwino, amayi. Awa adzapitirira zaka khumi zalembedwa pachitsekozo." Anapuma kaye. "Koma musamadzawapatse zochepa."

Aphunzitsi anachita ngati akupukuta madzi pansi.

Makinawo anagwira ntchito yawo mokhulupirika, ndipo pamenepa palibe angawanene. Kwa milungu isanu a Mawaya sanagonepo pansalu yonyowa. Mabulangete ankatuluka ofinyika bwino, dzuwa likangowaomba pang'ono auma. Sabata yachisanu ndi chimodzi, Lachinayi masana, Aphunzitsi akuchokera kokanula nsalu pachingwe, anapeza amuna awo atatsamira mkono. Anaima pakhomo la chipinda nsalu zili m'manja, zofunda ndi dzuwa, osadziwa poziika.

Nyumba inadzaza ndi abale, ndipo makina a makilo khumi anapeza ntchito yowayenera. Alendo ankawayamikira, ena mpaka kufunsa kumene anagulidwa. Kenaka anthu anayamba kuchoka mmodzimmodzi. Mzime uja anatsala milungu iwiri. Asanabwerere kuntchito anachapa zovala zonse za bambo ake, anazisita, n'kuzilongedza m'makatoni atatu.

"Amayi, zikamakhala mu wadilopu muzingolira. Ndalankhula ndi bambo aang'ono, abwera Loweruka kudzatenga akagawe kwa ofuna. Mwavomera?"

"Ndavomera, mwanangu."

Mtsikanayo anakwera basi Lachitatu. Lachisanu m'mawa Aphunzitsi anatenga dengu la zovala zakuda, ndipo anachita kusuzumira kuti aone zimene zinali pansi pake. Munali madiresi awiri, thaulo limodzi ndi kansalu ka pilo. Anaziponya mumgolo, zinangogona pakona ngati zaiwalika. Anathira sopo, anadina batani, n'kupita kukatsuka kapu yawo imodzi.

Makinawo anachapa, anatsukuluza. Itafika nthawi yofinya anayamba kuthamanga, kenaka gu, gu, gu, n'kuima. Anatembenuza zovala pang'onopang'ono, anayesanso, gu, gu, n'kuimanso. Kachitatu anangosiyiratu, kanyali kofiira kakuphethira. Aphunzitsi anatsegula chitseko. Thaulo linali litameza madiresi onse awiri, zonse zitaundana mbali imodzi, madzi ali chuchuchu. Anazimasula, anaziyala bwinobwino kuzungulira mgolo, n'kuyatsanso. Zinachitika zomwezo.

Anakhala pampando uja, umene sunachotsedwe pafupi ndi makinawo chiikireni. Pamaliro analira monga amalirira munthu pakati pa anthu, ena atamugwira mapewa. Apa analira okha, mokweza, kulira kwa munthu amene wagonja pa mkangano. Amuna awo anawauza zoona m'mawa uja. Anayesa kutsanzikana nawo m'chinenero chokhacho chimene ankachidziwa bwino, cha migolo ndi makilo, ndipo iwo anawauza kuti akhale chete. Chimenechi ndicho chinkawapweteka kuposa zonse, chifukwa a Mawaya anamveradi, nkhaniyo sanaiyambenso.

Misozi itaphwa anapita m'khonde mmene munali makatoni aja. Anang'amba tepi ya katoni yapamwamba. Munali ovololo ya buluu yotuwa m'mawondo, thumba lakumanja litasokedwa ndi ulusi wakuda ndi dzanja lawo lomwe, chifukwa sikuludiraiva inkaliboola chaka ndi chaka. Pansi pake panali mashati awiri ndi thalauzi. Zonse zinali zoyera, zositidwa, zosafuna madzi. Anazinyamula n'kukaziika mumgolo pamodzi ndi madiresi awo, ndipo anayambitsa makinawo kuchokera pachiyambi.

Nthawi yofinya itakwana, mgolo unazungulira pang'onopang'ono, zovala zinagawikana mbali zonse, kenaka unathamanga osagunda paliponse. Pagalasi pankangooneka buluu wa ovololo ndi maluwa a diresi zitasakanikirana. Aphunzitsi anatenga sikuludiraiva, anagunditsa pachitsulo, anaika khutu. Munalibe mchenga.

Anakayanika kuseri, ovololo pakati, madiresi uku ndi uku. Mayi woyandikana nawo nyumba anasuzumira pampanda kuti apereke moni, anaona zimene zinali pachingwe, n'kubwerera mwakachetechete.

Loweruka mng'ono wa a Mawaya anafika ndi galimoto monga anapangana. Ananyamula katoni yoyamba, ananyamula yachiwiri. Atawerama kuti atenge yachitatu, yong'ambika tepi ija, Aphunzitsi anaikapo dzanja.

"Iyi isiyeni, alamu."

"Muli china chimene mukufuna kusunga, alamu? Sankhani, ndidikira."

"Ayi, yonse. Makina aja safinya za munthu mmodzi."