Kadzenje ka pa Sipika ya a Halvorsen

Wendell Prochaska anali munthu wosafuna kuona chinthu chokhota. Ngakhale chithunzi cha m'nyumba ya eni ankachiwongola asanapereke moni. M'garaja yake ku Duluth, ku America, ankakonza masipika akale a wailesi, makamaka mkombero wa siponji wozungulira pepala la sipika, umene ukakalamba umayoyoka ngati mkate wouma.

Tsiku lina kukugwa chipale chofewa, kunabwera a Halvorsen, mkulu wa manja onjenjemera, ndi masipika awiri okutidwa m'bulangeti.

"Mungosintha siponji yokhayo basi," anatero. "Zinazo musakhudze."

"Musadandaule achikulire, abwerera ngati atsopano," anayankha Wendell, maso ali kale pa ntchito. Kufunsa chifukwa sanafunse. Wendell ankamvetsera masipika, osati anthu.

Anapala zoyoyoka zonse, napaka guluu, nakhazika mikombero yatsopano bwinobwino, uku akudina pepala pang'onopang'ono kuti amve ngati likukhula mkati. Ndiye anaona kuti kachipewa ka pakati pa sipika imodzi kanali ndi kadzenje. Izi sizachilendo, mwana aliyense akaona kachipewako chala chimamuyabwa. Wendell anatenga paipi ya katoni, naiika pamenepo, nayamwa mpweya kamodzi. Phwa! Kachipewa kanabwerera, kosalala ngati dzira. Anasangalala kuti wachitira mkuluyo chifundo chaulere.

M'mawa mwake mkazi wake Bernadette analowa m'garaja atagwira khofi, nkhope ili gwa.

"A Halvorsen aimba foni. Akuti anaiwala kukuuzani za kadzenje kali pa sipika ina. N'chala cha mwana wawo Marnie, anadina ali wamng'ono. Mwanayo anamwalira asanayambe n'sukulu yomwe. Akuti atasamuka m'nyumba yakale, chotsala chimene iye anasiyapo dzanja ndi chomwecho."

Bernadette anayang'ana sipikayo, kenako mwamuna wake.

"Mwawongola eti?"

"Ndimayesa ndikuthandiza."

"Inu ndi kuthandiza kwanuko! Munthu wakuuzani kuti zinazo ayi, inu makutu munasiya kuti? Aimbireni muwauze."

"Ndiwauze kuti chiyani? Kuti ndayamwa chala cha mwana wawo ndi katoni?"

Mtima unamuwawa kwambiri, ndipo manyazi anamugwira. Foni anainyamula, naibweza pomwepo. Anakhala pampando kuyang'ana kachipewa kosalalako, ntchito yake yabwino, ndipo anaida.

Pa pepalapo panali patatsala kamzere kozungulira, koonetsa pamene panali kadzenje. Wendell anatambasula kachala kake kakang'ono, komwe kanali kokhakhala ndi guluu wouma.

"Wendell, musatero," anatero Bernadette ali pakhomo.

Wendell anadina. Pepala lakalelo linalowa mosavuta, motsatira mzere womwewo, ngati linkangodikira. Bernadette anatembenuka n'kubwerera m'nyumba, khofi uja atamusiya pa shelefu.

A Halvorsen anafika masana, nasasa chipale ku nsapato. Wendell analumikiza mawaya kuti amve kulira kwake, koma mkuluyo sanasamale za nyimbo. Anapita molunjika pa sipika ija, nawerama, navala magalasi. Wendell anaima pambali pake. Mawu anali pakamwa penipeni. Akanangoti, achikulire, pepani, ndalakwa.

Mkuluyo anayandikitsa chala chake pa kadzenjeko osakakhudza, n'kumwetulira.

"Tsiku limenelo ndinamukalipira zedi," anatero motsitsa. "Analira mpaka kugona. Taonani kachala kake, kuchepa kwake! Ndinkaopa kubwera nawo kuno, anthu a ntchito yanu simukonda zoterezi. Koma inu ndinu munthu womva. Zikomo kwambiri, bambo."

Anamugwira dzanja ndi manja onse awiri, dzanja lomwelo, n'kulifinya nthawi yaitali. Wendell anafuna nthaka itang'ambika.

Anakuta masipikawo m'bulangeti n'kunyamula ija ya kadzenje kupita nayo ku galimoto. A Halvorsen ankamutsatira pambuyo, akuponda mosamala pa chipale.

"Pang'onopang'ono, bambo," anatero. "Mugwire m'mbali. Pakatipo palibe wina anakhudzapo chichokereni iye."