Fumbi Lotuluka Magazi

Ba Davison anali munthu wosamva za anzake, ndipo komboni yonse ya Nangongwe, m'tauni ya Kafue, inkadziwa zimenezo. Zaka makumi atatu za ntchito ya ku njanji zinawaphunzitsa kuti chinthu chikada umachitsuka, basi. Ndiye mtengo wa pakhomo pawo utayamba kuyera ngati wathiridwa ufa, iwo anangoloza kumene kuli mafakitale n'kunena kuti, "Ni fumbi chabe iyi." M'mawa uliwonse ankaupopera madzi ndi paipi. Madziwo akauma, kuyera kuja kunkabwerera, mwinanso kuposa dzulo.

Mtengowo sunali mtengo wamba ayi. Unali saikadi, wamfupi, wa thunthu lokakala ngati chinanazi ndi masamba olimba onga a kanjedza. Malemu akazi awo, ba Fines, ndiwo anaubweretsa uli kamwana m'chitini cha penti, kuchokera kunyumba ina kumene ankagwira ntchito yochapa. Anaulera zaka makumi awiri, mtengo wouma mutu wotulutsa masamba kamodzi kokha pachaka. Tsopano ba Fines anali atatha zaka ziwiri ali kumanda, mtengo wawo nawo ukufota, ndipo ba Davison anagwidwa ndi mantha kuti aferedwa kachiwiri.

Loweruka lina Rabecca, mayi wogulitsa maluwa m'mphepete mwa msewu wa ku Lusaka, anaima pageti n'kupukusa mutu.

"Ba tate, uyu mutengo uzafa muli kuusambika," anatero.

"Ba mayo, fumbi ya mu Kafue niiziba ine. Nakalambila mwamene muno."

Rabecca sanakangane nawo. Analowa, anatembenuza tsamba limodzi, anakanda kunsi kwake ndi chikhadabo, n'kuwaonetsa chala. Chinali ndi timadzi tachikasu.

"Nanga fumbi imachoka magazi?"

Ba Davison anavala magalasi. Mayo ine! Kunsi kwa tsambalo kunali tizilombo tosawerengeka, kalikonse katabisala pansi pa kachigoba koyera, tonse tikuyamwa mtengo. Miyezi itatu yathunthu mkuluyu ankangosambitsa adani.

"Jubani masamba yonse, muyashoke," anatero Rabecca. "Musasiye olo imozi. Mukasiliza, sakanizani saladi pang'ono na sopo mu manzi, mukweche thunthu yonse na mswachi, mpaka pansi pafupi na mizu. Sabata iliyonse, mumazulo, zuba ikapola."

Kudula masamba a ba Fines! Komabe anawadula, natentha onse kuseri kwa nyumba. Anasakaniza mafuta ophikira aja ndi sopo m'ndowa. Chinatsala ndi mswachi. Pazenera la kubafa panali kapu ya miswachi iwiri, wawo ndi wina wobiriwira umene analephera kuutaya chiikireni maliro. 

"Ba Fines, nibwelekeniko," ananong'ona, n'kuutenga.

Kuyambira tsikulo anthu a m'Nangongwe anapeza choseka. Odutsa ankaitanizana kuti adzaone mkulu wa ku njanji atagwada, akutsuka mano a chitsa. Aseke, nanga ankadziwa chiyani? Ba Davison ankakwecha mng'alu uliwonse, tizigoba tikuyoyoka. Rabecca ankadzera pomwepo Loweruka lililonse osaitanidwa, n'kukanda thunthu. Sabata yachitatu chala chinali chachikasube. Yachisanu ndi chiwiri chinatuluka chouma.

Koma chitsa chinangokhala chitsa, zii, mwezi wonse wa Okutobala. Ba Davison anayamba kudziimba mlandu kuti mtengowo anaupha okha ndi chikwanje.

Mvula yoyamba itagwa, anatuluka m'mawa ali ndi ndowa yawo. Pamwamba pa thunthu panali tinthu tobiriwira, tofewa, topindika ngati zala za khanda. Anawerenga masamba khumi ndi anayi. Ndowa inagwa, ndipo mkulu wosamva uja analira mokweza pakhomo pake, osasamala kuti aneba akuona. Atagwada anaonanso china: m'munsi mwa thunthu munali mutaphuka kamwana ka katsamba kamodzi.

Anadikira kuti kalimbe. Kenako anakachotsa bwinobwino, anakabzala m'chitini cha penti, n'kuyenda wapansi mpaka pamene Rabecca ankagulitsira maluwa.

"Ba mayo, nenze wopusa ine. Zikomo, zikomo maningi," anatero, akupereka chitini ndi manja awiri. "Uyu ni muzukulu wa ba Fines. Mumulele."

Rabecca anatembenuza katsamba kaja, anakanda kunsi kwake, n'kukweza chala kuti aone. Chinali chouma, chopanda timadzi tachikasu tija.