Malo a Pambali pa Mkazi Wanga

Ndinaponya zikhomo zinayi patebulo pake, dothi likadali kunsonga. Mwana wa mlongo wanga anasuntha foni kuti isade.

"Malume, mwazula katundu wa kampani."

"Ndazipeza pambali pa manda a mkazi wanga. Pamalo panga."

Chiperekereni manda a mumzinda kwa kampani, iyeyu ndiye anali manenjala. Udzu anatchetcha, mpanda anamanga, mbava za mitanda zinaleka. Zimenezo sindikana. Koma malo awo ndinasungitsa kwa mlonda wakale tsiku lomwe tinaika malemu, pakamwa, monga ankachitira aliyense.

"Zapakamwa zinapita ndi mlondayo, malume. Mzere wonsewo wagula mwini mabasi uja, akufuna banja lake lidzagone pamthunzi." Anatsamira mpando ngati mphunzitsi. "Onani, chaulere chilibe mwini, n'chifukwa chake muno munkadya mbuzi. Pamsika waufulu palibe wokakamiza mnzake. Wofunitsitsa chinthu amaonekera pa mtengo umene wapereka."

"Ndiye kuti wamabasi akumufunitsitsa mkazi wanga kuposa ine?"

Anaseka. "Inunso malume. Kumunsi kuja, kufupi ndi msewu, malo ndi mbwee, otsika mtengo. Wakufa sadziwa woyandikana naye."

Mwana amene ndinamusemera bedi lake loyamba ndi manja angawa.

Wamabasi ndinamupeza kugalaja, akukalipira makanika. Sanandipatse mpando.

"Madala, ine sindinabe, ndagula. Mukawafuna ndikugulitsani, koma mtengo ndinena ine."

Anaunena. Ngakhale ndikanagulitsa shedi yanga ndi macheka omwe, sindikanafika pakati.

Ine sindine wamawu ambiri. Ndine kalipentala; ndikapsa mtima ndimapala thabwa. Sabata imeneyo ndinapala mpaka utuchi unafika m'maondo, ndipo pomaliza panali bokosi la mbawa, losalala ngati galasi. Ndinabwerera kuofesi.

"Unati munthu ali ndi ufulu pa chake?"

"Eya, malume. Mwayamba kumva tsopano."

"Ndigulitse malo awiri kumunsi, ogundizana. Mkazi ndi wanga. Ndikumuchotsa."

Cholembera chinamugwa m'manja. "Kufukula? Anthu ati chiyani? Amayi akamva andidya wamoyo."

"Nanga msika ukuti chiyani?"

Anatola cholemberacho akupukusa mutu. Koma malowo anandigulitsa, osachotserako ngakhale pang'ono.

Mlongo wanga anabwera kushedi akulira. Ananditcha mfiti, wamisala, nkhalamba youma mutu. Ndinamusiya alankhule, ine ndikupaka vanishi. Atatopa anakhala pa benchi, nasisita chivindikiro cha bokosilo.

"Achimwene, mlamu ankaopa phokoso la malole."

"Ndidzakhalapo ine," ndinatero.

Chilolezo chinatenga miyezi. Tsikulo kunacha kwa mitambo. Okumba anavala zophimba kumphuno, koma ine ndinakana. Bokosi lakale linali litafumbwa, ndipo ndinatsikira ndekha m'dzenjemo, chifukwa sindinafune kuti fosholo imukhudze. Zimene ndinanyamula sindinena. Anali wopepuka kuposa mpando.

Manenjala anaima patali, tayi ili pakhosi, maso ali pansapato. Ndinaganiza kuti mwina manyazi amugwira, ndipo mtima wanga unatsala pang'ono kufewa.

Titakhoma bokosi latsopano, mkulu wa okumba anapukuta thukuta.

"Bwana, dzenjeli tikwirire?"

Mwana wa mlongo wanga anandiyang'ana, nayang'ana dzenjelo. Anatsitsa mawu, koma makutu anga sanakalambe.

"Lisiyeni. Mawa kuli maliro. Lokumbakumba, pamthunzi, mtengo wake ndi wina."

Ndinagwira chogwirira cha kumutu. Mlongo wanga, amene sananyamulepo maliro chibadwire, anakankha mmodzi wa okumba n'kugwira cha mbali inayo. Tinatsetsereka nalo bokosilo kulowera kumsewu, malole akubangula, fumbi likutera pa vanishi.