Mkamwini Wodzala M'zitini

Mukamachokera kusiteshoni ya Utale kulowera kumjigo wakumunsi, nyumba yathu simungaiphonye. Anthu apanjinga amachepetsa liwiro akafika pamenepo, ena mpaka kutsika, n'kumanamizira kuti tcheni chavuka. Nyumbayo payokha ilibe chodabwitsa, ndi ya njerwa zootcha ndi malata ngati za anzathu. Chimene chimawaimitsa ndi bwalo. Amuna anga a Esau, amene ine ndimawaitana kuti bambo a Cathy, anagwirapo ntchito yosamalira maluwa kumalo ogona alendo ku Liwonde, ndipo anabwerako ndi matenda opanda mankhwala. Tayala lotha limene tonsefe timaliona ngati chinyalala m'mbali mwa msewu, iwo amalinyamula panjinga n'kubwera nalo kunyumba akuimba likhweru.

Kuno dzuwa silichita masewera. Pofika Okutobala nthaka imang'ambika, mbuzi zimadya ndi makatoni omwe, koma pabwalo pathu pamakhala pobiriwira. Njira yochokera pachipata anaiyala timiyala toyera takumtsinje. Mbali ndi mbali kuli matayala opaka laimu, zitini, zigubu zodula pakati, chilichonse ndi duwa lakelake. Pakona pali chisakasa cha nsungwi chofolera ndi mlaza, pomwe timamwera tiyi. Pakhomo pano ukataya kuseri madzi otsukira mbale wapalamula mlandu, chifukwa madzi amenewo ali ndi eni ake. M'nyumba namo sanamusiye. Makatani ndinasoka ndine, koma chitenje chake anasankha okha, atazunguza wogulitsa nsalu ku Balaka mpaka mayiyo anawafunsa ngati akufuna kuvala ndi iwo. Mphika wanga wosweka pakamwa uli pathebulo pabalaza, muli udzu wouma wamaluwa, ndipo alendo amausirira.

Koma chonyaditsa chenicheni chinali pakhonde. Pamenepo panali migolo iwiri yachitsulo yodulidwa pakati, ndipo m'menemo munamera maluwa aja oyanga, aminga, ofiirira. Anawamangirira pansungwi zopinda zozikidwa m'migolo momwemo, mwakuti pamwamba ankakumana ngati chipata cha mkwati.

Azimayi kumjigo ankati ndinakwatiwa bwino. Ine ndinkangoseka nawo, koma mumtima zinkandiwawa, chifukwa ndinkaona chimene iwo sankachiona. Pabwalo ponsepo panalibe kanthu ngakhale kamodzi kodzalidwa m'nthaka. Zonse zinali m'zitini. Chisakasa chija anachimanga ndi mabawuti oti munthu angamasule. Shelefu ya pabalaza sanaikhomere kukhoma, anangoitsamiritsa. Lole ikanabwera m'mawa, pofika masana pakanatsala fumbi ndi ine.

Chifukwa chake ndinkachidziwa. A Esau ndi mkamwini, malo ano ndi a mbumba yathu. Bambo awo nawonso anali mkamwini kwa Mposa, ku Machinga, ndipo anamanga nyumba yabwino, nadzala malalanje mzere wonse kuseri kwake. Mayi awo atamwalira, akuchikazi anadikira kuti maliro athe, kenako anawauza bambowo mwaulemu kuti akhoza kumapita kwawo. A Esau anali mwana, anatsala kwa amalume awo. Anaona bambo awo akumangirira chikwama chimodzi panjinga, malalanje ali psuu kumbuyo kwawo. Nkhani imeneyi anandiuzapo kamodzi kokha tili pachibwenzi, ndipo anaimaliza ndi mawu akuti chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ndinkawanyogodola kawirikawiri.

"Bambo a Cathy, kodi nthaka yakwathu kuno ili ndi mphere? Bwanji maluwa anu saikhudza?"

"Iyayi, make Cathy. M'chitini duwa limamvera. Dzuwa likanyanya, ungolisuntha."

Amalume anga a Hudson, amene ndi mwinimbumba wathu, nawonso anayesapo. Tsiku lina akumwa tiyi m'chisakasa anati, "Akamwini, malo onsewa, osadzalapo ngakhale papaya?" A Esau anagwira chipewa m'manja n'kunena kuti adzala mvula ikagwa. Mvula inagwa, inakata, inagwanso, mwana wathu Cathy anachoka kumsana mpaka kukafika kusekondale, papayayo osaoneka.

Ndiye kunabwera a Shafiq. Iwowa ali ndi golosale pa Phalula, ndipo amadutsa kuno kudzagula nandolo. Mlongo wawo Fauziya ankakwatiwa Loweruka, ndipo iwo ankafuna kuti pabwalo la ukwati pakongole mwakuti akuchimuna akasimbe kwawo.

"Achimwene," anatero atazungulira bwalo lonse manja ali kumbuyo, "mundibwereke maluwawa tsiku limodzi. Lole ndili nayo. Makamaka awa apakhondewa. Fauziya ndi mwamuna wake akakhale pansi pake, Inshallah, zithunzi zake anthu akaziika m'mafuremu."

A Esau anandiyang'ana ndi diso la munthu amene wapambana mlandu.

"Mwaonatu, make Cathy? Akanakhala odzala pansi, bwenzi akupita ku ukwati?"

Ndinangolowa m'nyumba n'kukatsuka mbale zotsukatsuka kale.

Lachisanu m'mawa lole inafika, woyendetsa wake ali a Mohamedi, bambo wamfupi wamapewa ngati mtondo. Zitini zing'onozing'ono zinakwera bwinobwino. A Esau ankalamula ngati mphunzitsi pa asembule: ili likhale kumthunzi, ilo musaligwire masamba, tayala ilo mulinyamule awiri. Ine ndinaima pakhomo n'kumaona bwalo langa likuvulidwa. Pamene panali chitini chilichonse pankatsala chizindikiro chozungulira chonyowa, ndipo ndinadziuza kuti tsiku limene ndimaliopa lija lidzaoneka chonchi.

Anamalizira migolo yapakhonde. Amuna atatu anagwira mgolo woyamba, anawerenga, n'kukoka. Mgolo unangoti zii. Analavulira m'manja, anagwiranso, a Mohamedi mpaka mitsempha ya m'khosi kutuluka. Mgolo osasuntha.

"Mwathiramo miyala kodi?" anafunsa a Shafiq akupuma mwawefuwefu.

"Ndi dothi ndi manyowa basi," anatero a Esau. "Tiyeni tiupendeke."

Anaupendeka pang'ono, a Esau n'kugwada kusuzumira pansi. Anakhala chogwada nthawi yaitali, mpaka nanenso ndinapita kukaona. Pansi pa mgolo panalibenso chitsulo. Dzimbiri linadya kalekale, ndipo muzu wonenepa ngati mpini wa khasu unali utatsika kulowa m'nthaka, ana ake ang'onoang'ono atamwazikira uku ndi uku. Mgolo wachiwiri unalinso chimodzimodzi. Zaka zonsezi amuna anga ankathirira maluwa a m'chitini, osadziwa kuti eni akewo anasamukira pansi kalekale osatsanzika.

A Mohamedi anayamba kuseka, ine ndinali pafupi kuwathandiza. Koma nditayang'ana nkhope ya a Esau, kuseka kunandithera. Anaimirira pang'onopang'ono, anaponya maso kunyumba kwa amalume a Hudson, ngati munthu amene mbuzi yake yagwidwa m'munda mwa eni.

"Pepani, make Cathy," anatero motsitsa mawu. "Sindinadziwe. Ndikonza pompano."

Analowa kuseri n'kutulukira ndi chikwanje.

Ine ndine munthu woleza mtima, afunseni amene amatunga nane kumjigo, koma mawu akuti pepani aja anandiyatsa moto. Ndinakaima pakati pa iwo ndi mgolo.

"Mukupepesa chiyani? Mwaba chiyani?"

"Malo ano ndi a eni ake. Sindinapemphe."

"Eni ake ndani? Si ine ndaima pano? Amalume sanakupempheni okha kuti mudzale, inu n'kumawanamiza za mvula?"

"Make Cathy, pali alendo."

Alendowo anali anzeru. A Shafiq anapeza mwadzidzidzi uthenga wofunika kwambiri pafoni, ndipo a Mohamedi anapita kukamenyamenya matayala a lole kuona ngati muli mpweya.

"Alendo amve," ndinatero. "Ine ndatopa, bambo a Cathy. Ndatopa kukhala ndi mwamuna amene analongedza kale katundu. Anthu amati ndili ndi bwalo lokongola, koma ine ndikadzuka m'mawa ndimaona munthu wodikira basi. Ndinakulakwirani chiyani?"

"Simunandilakwire," anatero, chikwanje chili lende m'dzanja. "Bambo anganso mayi sanawalakwire. Koma mayi atapita..."

"Ndikudziwa. Zamawa sindingalumbire, si ine Mulungu. Ndikadzatsogola ine, wofuna kukuchotsani pano adzayambe wadutsa Cathy, ndipo mukumudziwa mwana wanu, pakamwa anatengera ine. Koma lero ndili moyo. Mukufuna mundilire ndikadali pano? Dulani muzuwo ngati mukufuna. Ine ndasuntha."

Ndinasunthadi. Sindinkadziwa chimene achite, ndipo ndinkawakonda bambowa kuposa mmene ndinkawakwiyira.

A Esau anagwadanso. Anaugwira muzu uja ndi dzanja, anausisita, n'kufukula dothi pang'ono ndi chala kuti aone kumene walowera. Anthu a maluwa ali ndi misala yawo. Ndinawamva akung'ung'udza okha kuti n'chifukwa chake chaka chino maluwawa sanafote ngakhale kunatentha chotere. Kenako anaimirira, anatsamiritsa chikwanje kukhoma, n'kulowa m'nyumba.

Anatuluka ndi sizasi yodulira malata.

Anayambira pamwamba pa mgolo kutsika pansi, chitsulo chikulira kwee, kwee, dzimbiri likuyoyokera pamapazi awo. Atafika pansi anaitana a Mohamedi, ndipo awiriwo anakanula mgolowo n'kuuchotsa, dothi ndi mizu n'kutsala poyera. Wachiwiri anachita nawo chimodzimodzi. Atatero anatenga wilibala, anatuta dothi lakuda la kukhola, n'kuyamba kuundira mozungulira, akupondaponda ndi chidendene. Sanandiyang'ane, ndipo nanenso ndinawasiya. Ndinangopita kukatenga timiyala toyera totsala tija n'kuyamba kutchinga m'mbali kuti dothi lisakokoloke. Tinagwira ntchito imeneyo mapewa akugundana.

A Shafiq anatsokomola.

"Zonsezi n'zabwino, achimwene, ndipo ine ndasangalala nazo. Koma mlongo wanga akakhala pansi pa chiyani?"

A Esau anapukuta thukuta ndi mkono.

"Awa sapitanso kulikonse. Mubwere nawo akwatiwo kuno, adzajambulitse pompano. Zitini zili m'lolezo pitani nazo, mudzabwera nazo limodzi."

A Shafiq anaganiza kaye, anayang'ana chipata chamaluwa chija, khonde lozira bwino ndi chisakasa, n'kuyamba kumwetulira. Anati akuchimuna ndi a mumzinda, aone kuti kumudzi kulinso malo.

Loweruka chakumadzulo dzuwa litapepa, lole inatulukira ili piringupiringu ndi azimayi oimba nyimbo za Chiyao, kumbuyo kwake galimoto ya akwati yomangidwa maliboni. Mudzi wonse unakhamukira kwathu. Zitini zinatsitsidwa n'kubwerera m'malo mwake, ndipo a Esau, atavala malaya awo akutchalitchi, ankathamanga uku ndi uku kuletsa ana kuthyola maluwa. Fauziya anakhala pansi pa chipata chija, nsalu yake yoyera ikuwala, timaluwa tofiirira tikumugwera pamutu. Wojambula sanafune kuchoka. Anawajambula pakhonde, m'chisakasa, ngakhale pabalaza pafupi ndi mphika wanga wosweka uja. Amalume a Hudson anabwera ndi ndodo yawo, anaima pamene panali migolo, anagogoda dothi latsopanolo, n'kundiyang'ana ndi diso limodzi. Kenako anamwa makapu awiri a thobwa, chinthu chimene sachita kawirikawiri.

Ine ndinali kalikiliki kugawa zakumwa. Ndikudutsa ndi thireyi ya makapu obwereka kwa aneba, ndinamva bambo wina wachikulire wakuchimuna, wa ndevu zoyera ndi kofiya, akuimitsa a Esau.

"Pepani bambo, malo okongola chonchi sindinawaonepo kumudzi. Kodi pano ndi pa ndani?"

Ndinaima. A Esau anayang'ana bwalo lonse, anthu, maluwa, n'kundipeza ine ndi maso pakati pa gululo.

"Ndi pakhomo pathu pano," anatero. "Khalani pansi, bambo, mwafika."

Ndinatsitsa thireyi ija msangamsanga n'kuiika pakhonde, chifukwa ndikanaigwetsa ndi chimwemwe, ndipo makapuwo anali a eni ake.