Chifuwa cha pa Pemphero

Ine ndine telala. Telala mukhoza kumuponda phazi kapena kumudyera nkhomaliro yake, akukhululukirani. Koma sizasi yake ya nsalu, ayi ndithu.

Sizasi yanga anandisiyira ndi malemu mayi anga. Tsiku lina nditapita kukagula ulusi, mlamu wanga, mlongo wawo wa amuna anga, amene ali ndi saluni khomo loyandikana ndi shopu yanga, analowa n'kuitenga. Anakadulira waya wa magetsi. Ndinaipeza yabenthuka pawiri, ikutafuna nsalu m'malo modula.

"Pepani alamu, ine ndimayesa sizasi ndi sizasi basi," anatero akuseka.

Kusekako ndi kumene kunandiwawa. Kuyambira tsikulo moni wanga kwa iye unali wotulukira m'mphuno.

Vuto linanditsatira kunyumba. M'mawa uliwonse, tisanamwe tiyi, ine ndi amuna anga timagwada pambali pa bedi. Timapempherera ana, odwala, ntchito ya tsikulo, n'kumaliza ndi Pemphero la Ambuye. Nthawi imeneyi ndimaikonda, chifukwa ndi pamene ndimatula nkhawa zanga ndisanakumane ndi makasitomala ofuna diresi la dzulo. Koma m'pempheromo muli mawu aja opempha Mulungu kuti atikhululukire monga mmene ifenso timachitira ndi anzathu. Ndinawaona kuti ndi msampha. Mulungu akanati andikhululukire mmene ndinkamukhululukira mlamu wanga, ndiye kuti kwanga kwatha.

Kunama pamaso pa Mulungu sindinafune. Kukhululuka sindinafunenso. Ndiye ndinapeza nzeru: tikafika pa mawu amenewo ndinkayamba kutsokomola, mpaka amuna anga awoloke okha, ine n'kukawapeza kutsidya.

Miyezi iwiri inatha choncho. Kunena zoona, mtendere ndinalibe. Ndinkadzuka pamaondo mtima uli wolemera monga ndinagwadira, ndipo kuntchito ndinkakalipira ngakhale singano.

Amuna anga ndi ofatsa, koma osawaputa.

"Mayi, chifuwa chanuchi n'chodabwitsa," anatero tsiku lina akuvala nsapato. "Chimasunga nthawi kuposa wotchi."

"Ndi fumbi la nsalu," ndinayankha.

"Ooh. Fumbi lake ndi lopita kutchalitchi ndithu."

Ndinangowapatsa tiyi wawo osawayang'ana.

Lachitatu lina ndikupinda siketi, ndinaona chithunzithunzi pakhomo. Anali mlamu wanga, atanyamula botolo la uchi ndi mandimu atatu. Anaima pamenepo ngati mwana woitanidwa ku ofesi ya ahedi.

"Alamu, ndikudziwa simukundifuna, koma landirani izi. Achimwene anandiuza mwezi watha kuti muli ndi chifuwa chokugwirani m'mawa uliwonse, ndipo kuchipatala mukukana."

Ndinaimitsa makina.

"Ine tulo sindikupeza bwino," anapitiriza. "Ndisanatsegule saluni ndimagwada pakati pa mipando paja, n'kumakupemphererani. Ndimati, Ambuye, alamu anga andikwiyira, ndipo akulondola, sizasi ija inali ya mayi awo. Koma chonde musalole chifuwachi chiwatenge tisanasekerane."

Abale, manyazi amene ndinachita! Ine ndikuthawa mawu ochepa chabe a pemphero chifukwa cha iye, iye kuseri kwa khoma lomweli akugwada pa simenti chifukwa cha ine. Misozi inangoyamba yokha, kudonthera pa siketi ya mwini wake.

Ndinamuuza zonse. Anandiyang'ana kukamwa kuli yasa, kenako anaphulika ndi phwete mpaka kukhalira mulu wa nsalu zosita kale.

"Ndiye mwezi wonsewu ndakhala ndikuwavutitsa Ambuye ndi matenda abodza?"

"Matenda analipo, alamu. Kungoti dokotala sakanawapeza."

Tinaseka mpaka kasitomala wake anatulukira mutu uli theka woluka, kufunsa ngati tamuiwala.

M'mawa mwake tinagwada monga mwa nthawi zonse. Titayandikira pa mawu aja, amuna anga anachedwetsa dala, n'kundisuzumira ndi diso limodzi. Ndinawanena onse, limodzilimodzi. Ndinamva ngati ndatula ndowa yodzaza imene ndinaisenza miyezi iwiri.

Titanena ameni, iwo anadzuka, n'kupukuta maondo.

"Uchi ujatu ndi wamphamvu," anatero. "Botolo silinatsegulidwe n'komwe, munthu wachira."

Sizasi ya mayi anga sinakonzeke. Ndinaipachika pa msomali pamwamba pa makina, ndipo yatsopano ndimaikiyira m'dilowa, poti kukhululuka si kupusa. Koma m'mawa uliwonse, tikamatchula anthu pamaso pa Mulungu, ndimayamba ndi mlamu wanga.