Dzina Limene Linapita ku Welkom

Moipone anali atagwada pasimenti yozizira, akupukuta phala pachibwano cha Keke, pamene Mme Ramatla, mayi mwini sukulu ya mkakayo, anagogoda pawindo la ofesi.

"Musiye mwanayo, ubwere kuno. Utseke chitseko."

Patebulo panali envulopu yofiirira, yong'amba kale. Miyezi inayi m'mbuyomo, onse ogwira ntchito pasukulupo, kuyambira wophika mpaka woyendetsa minibasi ya ana, anapereka mayina ndi manambala a ziphaso zawo kuti boma liwafufuze m'kaundula wa anthu osayenera kugwira ntchito ndi ana. Mayankho a anzake anabwera oyera. La Moipone lokha linachedwa, ndipo anzakewo ankamuseka kuti akalaliki akulisunga pansi pa pilo.

"Dzina lako lilimo," anatero Mme Ramatla.

"Lili muti, Mme?"

"Usandiyankhe ngati wangotsika kumene m'basi. Ku Welkom, zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Wolera mwana anatsekera mwana wa abwana ake m'nyumba, iye n'kupita koyenda. Mwanayo anamwa palafini. Anapulumuka, koma khoti linagamula kuti mkaziyo asadzayandikirenso ana a anthu. Dzina ndi lako, nambala ndi yako."

Moipone anali asanapondeko mumzinda wa Welkom chibadwire. Anatsegula pakamwa kuti atero, koma anakumbukira kuti kabuku kobiriwira ka chiphaso chake kanapitako. Kanapita pachifuwa cha mkulu wake Disebo. Disebo anabadwira kutsidya kwa mtsinje, ku Lesotho, amayi awo asanaoloke, ndipo analibe pepala lililonse. Ku Meqheleng, komboni ya kwawo, zoterozo sizinkadabwitsa munthu. Chiphaso chinkabwerekedwa ngati bulangete lopitira kumaliro, bola nkhope zifanane. Ndipo awiriwa ankafanana mpaka kampata ka m'mano.

"Lamulo likuti kuyambira lero usakhudze mwana pano," anapitiriza Mme Ramatla. "Likutinso uli ndi ufulu wotsutsa. Ngati si iwe, pita ukadinde zala, akazifananize ndi za pamlanduwo. Ine sindiloledwa kuuza munthu aliyense." Anakonza mpango wawo kumutu. "Ndangouza Tshediso basi."

"Mwangonena kumene kuti simuloledwa kuuza munthu."

"Ameneyo si munthu wamba, ndi mwana wa mlongo wanga. Ndimuonerere akulowetsa moto m'nyumba?"

Tshediso anali woyendetsa minibasi uja, bambo wake wa Keke. Mkazi wake anamwalira Keke akuyamwa. Kwa chaka chathunthu ankasiyira Moipone timapichesi touma m'thumba la chikho cha mwanayo, osalemba dzina, mpaka tsiku lina Keke anaulula. Kalata ya amalume ake yopempha mbeta inali yoti ifike kwawo kwa Moipone, m'manja mwa Disebo, kumapeto kwa mwezi womwewo.

Moipone anatuluka ndi chikwama chake. Kumapiri kunali kutayera ndi chipale chofewa, ndipo mphepo yake inkaboola juzi. Pageti anapeza Tshediso atatsamira minibasi. Keke atamuona Moipone anathamanga manja ali m'mwamba, koma bambo ake anamugwira chipewa cha jekete n'kumubweza pamiyendo pawo. Anachita mofatsa, ngati akumuteteza ku galimoto.

"Ndi zoona?" anafunsa Tshediso.

"Ukuganiza bwanji iweyo?"

"Sindikuganiza kanthu. Ndikufunsa."

"Wayankha kale ndi dzanja lako," anatero Moipone, napitirira.

Anayenda wapansi mpaka kumapeto kwa Meqheleng, kumene Disebo ankakhala m'kanyumba ka malata. Njira yonse ankakonza mawu ofewa. Mkulu wake anamulera amayi awo ali m'minda ya azungu, anamuluka tsitsi, anamumenyera nkhondo kusukulu. Mwina sankadziwa kuti dzinalo linalowa m'kaundula. Mwina akalira onse awiri, kenako akapeza njira.

Pachitseko anapeza loko wotseka kunja. Ali pafupi kubwerera, anamva kaphokoso m'katimo. Anasuzumira pampata wa malata. Pamatiresi panali ana atatu a anthu oyandikana nawo, awiri ali mtulo. Wachitatu, wa miyezi ngati khumi, ankakwawira kunsi kwa tebulo, kumene kunali botolo la chakumwa chotsekemera lodzaza palafini.

Moipone anamenya malata ndi zikhatho mpaka mwanayo anadzidzimuka, nakhala pansi n'kuyamba kulira. Anapitiriza kumenya, akumuimbira kanyimbo ka kusukulu, kuti maso a mwanayo akhale pachitseko.

"Ukundigwetsera nyumba, mkwatibwi?" Anali Disebo, akubwera ndi buledi m'khwapa. "Kapena ng'ombe za Tshediso zafika, zikusowa khola?"

"Tsegulani, ausi," anatero Moipone, monga amaitanira mkulu wamkazi kumeneko.

Disebo anatsegula akuseka. Moipone analowa, natola botolo lija n'kuliika pamwamba pa kabati. Mwana wolirayo anamutambasulira manja. Moipone anawerama kuti amunyamule, kenako anakumbukira mawu a m'mawa, naimirira manja ali m'mbali.

"Ana awa mwayamba liti kuwasunga?"

"Chilimwe chathachi. Amayi awo amagwira ntchito m'tauni. Ndangopita pagolosale pompa, mphindi zisanu."

"Ku Welkom zinalinso mphindi zisanu?"

Buledi uja anatsikira patebulo pang'onopang'ono. Disebo sanafunse kuti wamva kwa yani.

"Ndiye zatulukira," anatero. "Mlandu suoladi."

"Zaka zisanu ndi zinayi, ausi. Munandibwezera kabuku kanga mutakakulunga m'kansalu, munandigulira ndi nsapato. Ndimayesa chikondi."

"Ndikanati chiyani? Kuti dzina lako ndaligwetsera m'matope? Unali kamwana ka sukulu. Ndinati zidzaiwalika."

"Andichotsa ntchito. Tshediso wamukoka Keke kuti asandikhudze."

"Mwamuna wothawa pepala akanadzathawanso chifuwa. Ndakupulumutsa." Disebo anayesa kuseka, koma sizinatheke. Anakhala pampando. "Tamvera, mng'ono wanga. Ntchito zilipo zambiri. Ukhoza kukathyola zipatso, ukhoza kusoka. Koma ukakadinda zala, abwera kuno. Andiolotsa mlatho kubwerera ku Lesotho ndi chikwama cha pulasitiki, ana anga atsala ndi yani? Ndipo usadziyese woyera. Wobwereketsa chiphaso nayenso ndi wolakwa. Chibale ndi fupa, sichiola."

"Khoswe wakhala pamkhate," anatero Moipone motsitsa.

"Ndine khoswe tsopano?"

"Sindikudziwa kuti ndinu yani, ausi. Ku khoti inuyo munali ine."

Moipone anayang'ana ana aja. Akanakhala kuti anapeza chitseko chotsegula, Disebo atabereka mwana kumbuyo, akanameza nkhaniyo. Ankadzidziwa. Akanapita kukathyola zipatso, n'kumalambalala msewu wa kusukulu mpaka kukalamba. Anachotsa loko pachitseko, namuponya m'chikwama chake.

"Amayi a ana awa muwauze lero. Mukapanda kutero, ndiwauza ine."

"Amayi athu akanakhala moyo, ukanachita zimenezi?"

Moipone anatuluka. Disebo anamutsatira mpaka panja, akumuitana ndi dzina la paubwana limene munthu wina aliyense sankalidziwa, koma iye sanacheuke.

M'mawa mwake anaima pamzere kupolisi. Wapolisi wamkazi, wonenepa, wotopa ndi anthu, anamugwira chala chimodzichimodzi, kuchigudubuza pa inki kenako papepala.

"Ukuti si iwe. Onse amatero. Nanga chiphaso chako chinayenda chokha?"

"Ndinabwereketsa."

"Ukudziwa kuti pamenepo wadzipalira wekha makala?"

"Ndikudziwa, Mme."

"Unabwereka yani?"

Moipone anayang'ana zala zake khumi zakuda, zitandandalika papepala ngati mapazi a mbalame.

"Ausi Disebo."

"Pano sitilemba ausi. Dzina lokha."

Analitchula lokha. Wapolisiyo anati yankho lidzatenga miyezi, ndipo kufikira tsikulo asayandikire ntchito ya ana.

Panja, kutsidya kwa msewu, panaima minibasi yopanda ana. Tshediso anatsika atanyamula kansalu konyowa kamene ankapukutira manja a Keke.

"Disebo anabwera kwathu m'mamawa kudzanditukwana," anatero. "Ndi m'mene ndamvera zonse. Ukanangondiuza dzulo."

"Unamugwira Keke usanandifunse."

"Ndine bambo, Moipone. Ndikanatani?"

"Palibe. Unachita bwino." Ndipo chimene chinamuwawa Moipone n'chakuti mawu akewo anali oona. "Kalata ya amalume ako aisunge kaye. Kwathu kulibenso woilandira."

Tshediso anamupatsa kansalu kaja. Moipone anapukuta chala chimodzi, inki inangofalikira. Anamubwezera, nayamba kuyenda wapansi kulowera ku Meqheleng, loko wa mkulu wake akumugunda m'nthiti pa sitepe iliyonse.